ZA UMOYO WA BANJA: Mwana Akamera Ziwengo Atamwa Penicillin

M'midzi yambiri muli makolo amene akafika pa kiliniki amayamba ndi kucenjeza anamwino kuti mwana wao asapatsidwe penicillin kapena amoxicillin, pakuti tsiku lina atamwa mankhwalawo anamera ziwengo thupi lonse. Kucenjeza kotere nkoyenera. Koma madokotala amafunsanso kuti: kodi analidi mankhwalawo amene anabweretsa ziwengo?

Funsoli ndi lalikulu. Penicillin anatulukiridwa ndi Alexander Fleming mumzinda wa London m'caka ca 1928, ndipo amoxicillin ndi wa mtundu womwewo. M'caka ca 2014 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti amoxicillin akhale mankhwala oyambirira kwa mwana wodwala cibayo, nthenda imene inapha ana 740,180 osakwana zaka 5 m'caka ca 2019. Mwana amene walembedwa kuti thupi lake limakana mankhwalawa amapatsidwa ena, amene kawirikawiri amakhala odula, obvuta kupeza, ndiponso opatsa tizilombo mpata wozolowera mankhwala.

Ku America munthu 1 mwa anthu 10 amanena kuti thupi lake limakana penicillin, koma akayesedwa, oposa 9 mwa 10 amapezeka kuti angathe kumwa popanda bvuto. Kwa ana, ziwengo zambiri zimadza ndi nthenda yeniyeniyo. Cikuku ndi matenda ena a mavairasi amatulutsa totupa pakhungu, ndipo totupato tikaoneka mwana ali pakati pa kumwa mankhwala, mlandu umagwera mankhwalawo. Kutsegula m'mimba pang'ono nakonso si cizindikiro cakuti thupi lakana mankhwala.

M'caka ca 2016 madokotala a ku Montreal m'dziko la Canada anafalitsa zimene anapeza atayesa ana 818 oganiziridwa kuti amakana amoxicillin. Ana 770 anamwa popanda cowacitikira. Otsalawo anamera ziwengo zazing'ono zapakhungu.

Kayesedwe kake nkotere. Dokotala amayamba wafunsa mbiri yonse ya bvutolo. Akaona kuti linali laling'ono, amamwetsa mwana kagawo kocepa ka mankhwalawo, amadikira, ndipo amamwetsanso mlingo wotsalawo. Mwana amakhala pamaso pa anamwino pafupifupi ola limodzi, mankhwala a adrenaline ali pafupi. Ana ena amayamba ayesedwa pakhungu ndi kasingano.

Maganizo a makolo pa nkhaniyi ndi osiyanasiyana. Ena amakana kwamtuwagalu, namakumbutsa mwambi wa akale wakuti mphecepece mwa njobvu sapitamo kawiri. Kwa iwo, kumwetsa dala mwana wamoyo bwino cinthu cimene cinamudwalitsa nkuputa tsoka. Ena saopa kuyesa kwenikweniko koma ulendo wake: ndalama ya basi, ndi tsiku lathunthu losiya munda nthawi ya dzinja. Koma alipo ena amene amabvomera akamva kuti zonse zicitikira m'cipatala, poona kuti nkwabwino kudziwa coona mwana ali bwino kusiyana ndi kuyamba kufunafuna mankhwala ena usiku cibayo citamugwira. Aliponso amene, ngakhale mwana wayesedwa napezeka wopanda bvuto, amapitirizabe kukana mankhwalawo, kotero kuti phindu la kuyesa limatayika.

Mantha a makolo ali ndi pake, ndipo pali ana amene sayenera kumwetsedwa mankhwalawo mwa njira imeneyi. Ngati pasanathe ola atamwa mwana anatupa milomo, lilime kapena nkhope, nabanika popuma kapena kukomoka, ndiye kuti bvuto linali loopsya. Cimodzimodzi ngati khungu linacita matuza ndi kusupuka, m'kamwa ndi m'maso mukutuluka zilonda, monga zimacitikira anthu owerengeka akamwa Septrin kapena Fansidar. Mwana wa matuza otere sabwezeredwanso mankhwala amene anamupweteka. Zizindikiro zimenezi zikaoneka, mwana athamangitsidwe kucipatala nthawi yomweyo. Ndiponso palibe kholo liyenera kuyesa lokha kunyumba ndi makapisozi ogula pamsika, cifukwa kunyumba kulibe adrenaline.

Cimene kholo lililonse lingathe kucita ndico kusunga mbiri yoona. Mwana akamera ziwengo, aonetsedwe kwa anamwino zisanazimirire. Kapepala kapena botolo la mankhwala lisungidwe, ndipo makolo akumbukire kuti panapita maola kapena masiku angati cimwereni, ndi maonekedwe a ziwengozo. Zimenezi zilembedwe pa khadi la mwana la kusikelo, ndipo makolo afunse ngati mwanayo angatumizidwe kwa dokotala kukayesedwa. Akapezeka kuti alibe bvuto, cenjezo lakale lifafanizidwe pa khadipo, ndipo agogo ndi onse olera mwanayo auzidwe, kuti tsiku limene adzadwale cibayo adzalandire mankhwala oyenera mosazengereza.