Musanaigulire Galimoto Yakale Rediyeta Yatsopano

Pali chizoloŵezi chimene chafala pakati pa eni magalimoto akale, chakuti singano yosonyeza kutentha ikangoyamba kukwera, mwini galimoto amathamangira kusitolo ya masipeya kukagula rediyeta yonyezimira ya aluminiyamu, fani ya magetsi ndi chotsekera cholimba, nabwerera kwawo ali wokondwa poyesa kuti matenda atha. Ine chizoloŵezi chimenechi sindigwirizana nacho, ndipo ndikupempha aŵerengi, makamaka aphunzitsi a sayansi ndi achinyamata amene atsiriza sukulu naloŵa m'magalaja kukaphunzira umakaniko, kuti tilingalire pamodzi. Zipangizo zatsopano zili ndi nthaŵi yake, koma nthaŵiyo imafika munthu atapeza kale chimene chikutenthetsa injini.

Titenge Peugeot 404, galimoto imene akuluakulu ambiri m'Malaŵi muno akuikumbukira bwino. Inayamba kupangidwa ku France m'chaka cha 1960, ndipo ku Kenya anapitiriza kuipanga kufikira 1991. Pampikisano wa East African Safari, m'fumbi ndi m'matope, inapambana kanayi: mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Masiku amenewo pafupifupi galimoto iliyonse inali ndi rediyeta ya mkuwa yolumikizidwa ndi mtovu. Tsono ngati galimoto yotere lero ikuŵira pokwera chitunda cha Thabwa, kuchokera ku Chikwawa kunka ku Blantyre, tisafulumire kunena kuti amisiri a ku Sochaux analakwitsa. Chimene chasintha ndi m'kati mwa injini, mmene mwadutsa madzi a mitundumitundu kwa zaka makumi asanu.

Amene anayang'anapo m'ketulo yophitsiramo madzi a pamjigo akudziŵa chikhungwa choyera chimene chimamatirira pansi pake. Chomwecho chimachitika m'njira za madzi za m'injini, kuwonjezera apo dzimbiri limene limadikha ngati matope. Timapaipi ta rediyeta timatsekeka kamodzikamodzi, ndipo chitsulo chokutidwa ndi chikhungwa sichipereka kutentha kwake kumadzi. Mukaika rediyeta yatsopano osatsuka injini, matope omwewo adzasamukira m'nyumba yatsopanoyo. Palinso zina zimene rediyeta singazichiritse ngakhale itakhala yagolide: lamba wa fani wolobodoka, pampu ya madzi imene mapiko ake anadyeka, moto wochedwa kuyaka m'masilinda, gasiketi yopsa imene ikuloŵetsa utsi m'madzi, ngakhalenso mabuleki ogwira. Zonsezi makaniko wofatsa angathe kuziyesa tsiku limodzi.

Nanga aluminiyamu nkuposadi mkuwa? Buku la sayansi likunena kuti mkuwa ndiwo umapititsa kutentha msanga: muyeso wake uli pafupi ndi 400, pamene wa aluminiyamu sufika 240. Komabe wogulitsa sakunama kotheratu ayi. Mtovu umene umalumikiza timapaipi ta mkuwa ndi waulesi popititsa kutentha, ndipo timapaipi ta aluminiyamu tingathe kupangidwa totakata, kotero kuti rediyeta ya aluminiyamu yopangidwa bwino imaziziritsa ndithu. Chinyengo chili poyerekeza. Mwini galimoto amayerekeza yatsopano yoyera ndi yakale yotsekeka, natamanda aluminiyamu, chonsecho akanaitsukitsa yakaleyo akanaona singano ikutsika chimodzimodzi.

Funso limene ine ndimaliyesa lalikulu ndi ili: ikaboola, adzaikonza ndani? Rediyeta ya mkuwa ikalasidwa ndi mwala pamsewu wafumbi, mmisiri wa pamsika amene ali ndi mbaula, chitsulo chowotchera ndi mtovu amaimata, ulendo nkupitirira. Mmisiri wodziŵa angathenso kusungunula mtovu, kuchotsa matanki, kutokosa timapaipi tonse, kapena kuika pakati patsopano nkubwezeretsa matanki akale omwewo. Ya aluminiyamu imafuna makina owotcherera ndi mpweya wa argon, amene sapezeka pamalo paliponse, ndipo ya matanki apulasitiki ikang'aluka kaŵirikaŵiri imangotayidwa. Wokhala m'tauni angaone ngati nkhani yaing'ono, koma wofera galimoto pakati pa Golomoti ndi Dedza dzuŵa likuloŵa sangaione chomwecho.

Chotsekera rediyeta nchotsika mtengo, ndipo nchifukwa chake chimapusitsa ambiri. Madzi amaŵira pa madigiri 100 m'mbali mwa nyanja yamchere, koma pamalo okwera ngati Dedza amaŵira pafupi ndi 95. Chotsekera chimapanikiza madzi kuti achedwe kuŵira: cha mapaundi 7 chimawafikitsa pafupi ndi madigiri 111, cha mapaundi 15 pafupi ndi 121, tikaŵerengera m'mbali mwa nyanja yamchere. Magalimoto ambiri a zaka za m'ma 1950 ndi 1960 anatuluka m'fakitale ndi chotsekera cha mapaundi 4 kapena 7. Taonani tsono kuti chotsekera cholimba sichichotsa kutentha ngakhale pang'ono. Chimangoletsa madzi kutaika pamene injini ikupsabe, uku chikukankha mapaipi okalamba, misoko ya mtovu ndi karediyeta kotenthetsa m'kati mwa galimoto ndi mphamvu imene sizinapangidwire. Chofooka koposa ndicho chimayamba kuphulika.

Ndinenepo pang'ono za themositati, kachipangizo kamene amakaniko ena amakazula nkukataya ponena kuti nka kumaiko ozizira. Kameneka kamatseka njira ya madzi kufikira injini itafunda, ndipo injini yoyenda yozizira imamwa petulo wambiri ndi kutha msanga. M'mainjini ena kamatsekanso njira yachidule imene madzi amazungulira nayo osafika kurediyeta, motero kukachotsa nkuwonjezera vuto. Kukayesa sikufuna ndalama: kaikeni m'poto wa madzi pamoto pamodzi ndi choyezera kutentha, muone ngati katseguka pa nambala yolembedwa pathupi pake. Mphunzitsi wa sayansi angathe kuwaonetsa ana asukulu zimenezi m'mphindi khumi.

Pa fani ya magetsi ndikuvomereza kuti otsutsana nane ali ndi mfundo. Fani yoyendetsedwa ndi lamba imazungulira pang'onopang'ono injini ikamangolira galimoto itaima, ndipo misewu ya Limbe ndi Lilongwe ya masiku ano, mmene magalimoto amandandalikana dzuŵa lili paliwombo, si ija ya 1965. Pamenepo fani ya magetsi imathandizadi. Koma pokwera phiri galimoto ikuthamanga, mphepo yochokera kutsogolo ndiyo imagwira ntchito yaikulu, ndipo galimoto yoŵira pamenepo fani siingaipulumutse. Mwini 404 ayambe wayang'ana fani imene ilipo kale, pakuti zambiri mwa galimoto zimenezi zinali ndi fani yogwira yokha ndi maginito madzi akatentha, ndipo kaswitchi kake kakafa fani imangozungulira mwaulesi. Kumbukiraninso magetsi. Dayinamo ya Lucas C40, imene inali m'magalimoto ambiri a ku Britain, imapereka maampu 22 okha, ndipo galimoto itaima siipereka kanthu kwenikweni, pamene fani yaikulu ingathe kudya maampu 10 kapena kuposerapo. Woika fani aike ndi fyuzi ndi rile yake, aimangirire pazitsulo zakezake; timikanda tapulasitiki toboola pakati pa timapaipi timapekesa rediyeta pamsewu wa mabampu.

Mapaipi a mphira, lamba ndi zomangira zake gulani zatsopano mosazengereza, pakuti mphira wokalamba sakonzeka. Madzi thirani amvula osefa kapena osungunulidwa ku nthunzi, osakaniza ndi mankhwala oletsa dzimbiri. Kuno madzi saundana m'injini, koma 404 ili ndi thunthu lachitsulo ndi mutu wa aluminiyamu, ndipo zitsulo zosiyana zikakhala m'madzi amodzi opanda mankhwala, aluminiyamu ndiye amadyeka. Ŵerengani pabotolo ngati mankhwalawo ngoyenera mkuwa ndi mtovu, chifukwa ena amene anabwera m'zaka za m'ma 1990 anapangidwira mainjini amakono. Ambiri mwa mankhwala ameneŵa ngotsekemera koma ndi poizoni. Musawasiye m'beseni pamene pali ana kapena agalu.

Ngati mwatsuka injini, mwayesa zonse, ndipo mmisiri wanena kuti rediyeta yakale yafumbwa kosatheka kumatika, gulani yatsopano ndi mtima umodzi. Sankhani yoloŵa m'malo mwake popanda kudula kapena kuboola thupi la galimoto, ndipo muyese ndi dzanja kuti mapiko a fani sakuikhudza injini ikagwedezeka. Yakaleyo musaipereke kwa ogula zitsulo zakutha, amene adzakulipirani mwa kulemera kwa mkuwa wake basi. Itsanuleni madzi, muiumitse, muisunge pamalo ouma, pakuti matanki ake ndi mikono yake yomangira ndizo mmisiri adzafune tsiku limene mudzaganize zoiikira pakati patsopano.