Bala la pulopela ndi ulendo wobwerera panyanja ku Senga Bay

Gombe la Senga Bay, lomwe lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kum'mawa kwa tauni ya Salima m'dera la Mfumu Yaikulu Maganga, ndi amodzi mwa malo ochepa m'dziko muno pomwe maboti a mitundu iwiri yosiyana kotheratu amayenda pa madzi amodzi: maboti a matabwa a asodzi a usipa ndi utaka, omwe amanyamuka madzulo pa madoko ngati la Nguwo, ndi maboti aliwiro a m'mahotela, omwe amapititsa alendo ku chilumba cha Namalenje kapena kuwakoka pa chingwe m'masewero otsetsereka pamwamba pa madzi otchedwa water skiing. Pa masewerowa munthu amaponda timatabwa tosalala tiwiri, kapena kamodzi ngati ndi katswiri, atagwira chingwe chomangidwa kumbuyo kwa boti, ndipo liwiro la botilo ndi lomwe limamuvuula m'madzi n'kumuimiritsa chilili. Anawayambitsa ndi mnyamata wina wa ku America, Ralph Samuelson, pa nyanja ya Pepin ku Minnesota m'chaka cha 1922, ndipo kuno ku Salima ndi masewero a anthu ochepa omwe ali ndi ndalama zolipirira mafuta a boti. Komabe zomwe madokotala aphunzira pothandiza ochita masewerowa kuti achire n'kubwereranso pamadzi zili ndi phindu lalikulu kwa anthu ambirimbiri a m'mbali mwa nyanja omwe sanapondepo timatabwato, chifukwa chitsulo chomwe chimavulaza mlendo wa pa hotela n'chomwechonso chimavulaza mlovi, yemwe ndi wantchito wa m'boti la asodzi.

Chitsulocho ndi pulopela, chopalasira cha mapiko atatu chomwe chimazungulira pansi pa madzi kumapeto kwa injini n'kumakankha boti. Pulopela ikamazungulira maulendo 3,200 pa mphindi imodzi, mapiko ake amatha kutema thupi la munthu maulendo 160 pa sekondi imodzi yokha, n'chifukwa chake bala lake silikhala limodzi koma mizere yakuya yondandalikana, yomwe imadula minofu, mitsempha ya magazi ndi mitsempha yoyendetsa ziwalo, mwinanso kuphwanya fupa. Ngozi za mtunduwu zimatha kuchitika ngakhale boti likuyenda pang'onopang'ono, monga pomwe woyendetsa akuzungulira kuti atenge munthu yemwe wagwa pa chingwe, pomwe mlovi waterereka kumbuyo kwa boti usiku anzake ali kalikiliki kukoka chilimira, womwe ndi ukonde waukulu wokokedwa pakati pa nyanja, kapena pomwe ana akusambira pafupi ndi doko boti likufika kumtunda. Palinso kuvulala kwina kwa ochita masewero okha: minofu ya kumbuyo kwa ntchafu imang'ambika ngati boti lakoka mwadzidzidzi munthu atawongola mawondo, mitsempha yomanga bondo imaduka thabwa likapotoka, chingwe chimatha kukulunga chala kapena mkono, ndipo kugwa pa liwiro la makilomita 58 pa ola, lomwe akatswiri aamuna amafika pa mipikisano, kumatha kuboola khutu kapena kukomola munthu.

Kuchira kumayambira pa mchenga pomwepo, ndipo zomwe anthu achita m'mphindi zoyambirira zimakhala ndi mphamvu pa miyezi yonse yotsatira. Chofunika koyamba n'kuletsa magazi, pokanikiza bala mwamphamvu ndi nsalu yoyera osalekeza, ndipo ngati magazi akuthovoka pa mkono kapena pa mwendo moti kukanikiza kwalephera, pomanga chiwalocho zolimba kumtunda kwa bala n'kusunga nthawi yomwe chamangidwira kuti adokotala akauzidwe. Chizolowezi chothira mchere, petulo kapena zitsamba zosinja pa bala lakuya chimapha minofu yomwe ikanapola ndiponso chimalowetsa dothi momwe dokotala adzavutike kulichotsa. Madzi a nyanja ya Malawi, ngakhale amaoneka oyera mbee, ali ndi tizilombo ta mtundu wa Aeromonas, tomwe timapezeka m'madzi opanda mchere ndipo timatha kuwoletsa bala mofulumira kwambiri, kotero wovulala ayenera kunena momveka kuchipatala kuti balalo analipeza m'madzi, popeza mankhwala ena odziwika opha tizilombo sagwira bwino ntchito pa mtundu umenewu. Pa chifukwa chomwechi madokotala kawirikawiri sasoka bala lotere tsiku loyamba: amalitsuka, amachotsa minofu yakufa, amapereka katemera wa kafumbata, n'kulisiya lotsegula kwa masiku angapo, ndipo achibale omwe amaona ngati wodwala wawo wanyalanyazidwa chifukwa sanamusoke ayenera kufotokozeredwa kuti kutero n'kumusamalira.

Kuchokera ku Senga Bay wovulala amafikira pa chipatala cha boma cha Salima, ndipo wothyoka kwambiri amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14. M'zipatala za m'maboma ntchito yaikulu ya mafupa imagwiridwa ndi makiliniko ofesa a mafupa, omwe si madokotala athunthu koma anaphunzira mwapadera kubwezeretsa mafupa, kuika chikhakha ndi kutsuka mabala, pansi pa ndondomeko yomwe dokotala Edward Blair anayambitsa ku Blantyre m'chaka cha 1985. Anthu amenewa apulumutsa miyendo yambiri m'dziko muno, ndipo satamandidwa mokwanira. Chipatala cha LION, chomwe chinatsegulidwa mu 2023 pa Kamuzu Central kuti chizichita maopaleshoni a mafupa ndi a ubongo, chathandiza anthu a chigawo chapakati.

Gawo lomwe limagonjetsa anthu ambiri limayamba akatuluka m'chipatala. Fupa la munthu wamkulu limatenga masabata 6 mpaka 12 kuti ligwirane, mwinanso kupitirira ngati linatulukira kunja kapena bala linalowa tizilombo, ndipo m'nthawi yonseyo minofu ya chiwalo chosagwira ntchito imafota, mfundo zimauma, ndipo thupi limaiwala kadziwidwe kake ka pomwe phazi laponda, komwe munthu amadalira poima m'boti logwedezeka. Mafizo, omwe ndi masewero olimbitsa thupi olamulidwa ndi katswiri kuti chiwalo chiyambenso kupindika ndi kunyamula katundu, ndiwo amabwezeretsa zonsezi, koma akatswiri ake ndi ochepa ndipo ambiri ali m'mizinda, popeza maphunziro a digiri ya ntchitoyi anangoyamba m'chaka cha 2010 pa sukulu ya udokotala ya ku Blantyre, yomwe lero ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Bungwe la Malawi Against Physical Disabilities, lomwe limayendetsa malo a Kachere ku Blantyre, komanso malo opangira miyendo ndi manja ochita kupanga omwe bungwe la 500 Miles linatsegula pa Kamuzu Central mu 2009, athandiza anthu ochuluka, koma kwa munthu wa ku Lifuwu kapena ku Chikombe ulendo uliwonse wopita ku mafizo umadya ndalama yomwe banja likanagula ufa, ndipo ambiri amasiyira panjira akangoona kuti ayamba kuyenda popanda ndodo.

Apa ndi pomwe nzeru ya madokotala a zamasewero ili yofunika kuimvetsa, chifukwa iwo sauza munthu kuti abwerere pamadzi poyang'ana kalendala kapena pongomva kuti ululu watha, koma poyesa zomwe chiwalocho chikutha kuchita. Bala liyenera kukhala litatsekeka kotheratu, mfundo izipindika ndi kuwongoka ngati inzake, munthu azitha kunjuta ndi kudumpha pa mwendo wovulalawo popanda ululu kapena kutupa tsiku lotsatira, ndipo mphamvu yake ifike pafupifupi magawo 90 pa 100 aliwonse a mphamvu ya mwendo wabwinowo. Yemwe anachitidwa opaleshoni ya mtsempha wa m'kati mwa bondo amalangizidwa kudikira miyezi yosachepera 9 asanayambe masewero opotokola bondo, popeza obwerera msanga ndiwo amadulanso mtsemphawo. Ngakhale mayesowa atatheka, kubwererako kumachitika pang'onopang'ono: munthu amayamba n'kuyenda m'madzi ofika m'chifuwa, omwe amamunyamulira gawo lalikulu la kulemera kwake, kenako kusambira, kenako kukwera boti ngati wongoyenda nawo, ndipo pomaliza kuponda timatabwa tiwiri pa liwiro lochepa m'mawa nyanja ili bata, osati m'miyezi ya pakati pa Meyi ndi Ogasiti pomwe mwera, mphepo yamphamvu yochokera kumwera chakum'mawa, umautsa mafunde. Anthu a ku Salima ali ndi mwayi woti dziwe lochitira mafizo lomwe ena amalipira ndalama zambiri lili pakhomo pawo, malinga asankhe malo a mchenga woyera, kutali ndi bango momwe mumakhala nkhono zofalitsa likodzo ndiponso kutali ndi mathiriro a mitsinje ngati Linthipe komwe kumapezeka ng'ona ndi mvuu.

Pali bala lina lomwe chikhakha sichifikapo. Munthu yemwe anatemedwa ndi pulopela kapena anatsala pang'ono kumira amatha kumanjenjemera akangomva kulira kwa injini, kulota ngoziyo usiku ndi usiku, ndi kupewa ngakhale njira yopita ku doko, ndipo pakati pa amuna a kunyanja, omwe amalemekezana chifukwa cha kulimba mtima, zoterezi zimabisidwa kapena zimatchedwa ulesi, mwinanso kuganiziridwa kuti ndi zamatsenga. Awa ndi matenda odziwika bwino a m'maganizo omwe amatsatira zoopsa, ndipo amachepa munthu akamayandikira chomwe akuchiopacho pang'onopang'ono ali ndi mnzake womukhulupirira, pomwe kumukakamiza kapena kumuseka kumangowakulitsa. Mantha osachiritsidwa ndi oopsanso pamadzi, chifukwa thupi louma ndi mantha limagwa molakwika ndipo silimvera malangizo.

Kusiyana kwenikweni pakati pa mlendo ndi mlovi kuli pa funso loti ndani ali ndi mpata wodikira. Wochita masewero akalangizidwa kupuma miyezi 9 amangotaya chisangalalo, pomwe mlovi, yemwe malipiro ake ndi gawo la nsomba zomwe zagwidwa usiku umenewo, akagona kunyumba ndiye kuti ana agona ndi njala, choncho amabwerera m'boti bala likadali lofiira, mwendo usanalimbe, n'kukagwira ntchito yolemetsa kuposa masewero alionse, mumdima komanso pa mafunde. Akavulalanso, anthu amati ndi tsoka, chonsecho n'zotsatira za kubwerera nthawi isanakwane. Lamulo la chipukuta misozi cha anthu ovulala pantchito la m'chaka cha 2000 lilipo, koma n'lovuta kuti lifikire munthu wopanda kalata ya ntchito yemwe mgwirizano wake ndi mwini boti ndi wapakamwa, ndipo n'zofanananso ndi anyamata ambiri omwe amayendetsa alendo m'maboti mwa ganyu.

Yankho lapafupi lili m'manja mwa anthu a m'madoko eni ake. Boma la Salima ndi lomwe lili ndi chitsanzo cha chilumba cha Mbenji, komwe ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi chaka chilichonse kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo kuchokera m'zaka za m'ma 1950, ndiponso kuletsa mowa pachilumbapo, ndipo asodzi amamvera. Anthu omwe anatha kugwirizana kuti nsomba zipatsidwe miyezi yoswana sangalephere kugwirizana kuti munthu wovulala apatsidwe miyezi yochira. Makomiti oyang'anira usodzi pa gombe, omwe alipo kale m'madoko, angathe kusunga thumba la ndalama zosonkhedwa pa boti lililonse lobwera ndi nsomba, lolipirira ulendo wa ku chipatala ndi ku mafizo, ndipo eni maboti angathe kupatsa wochira ntchito za kumtunda monga kusoka maukonde, kuyanika usipa pa thandala kapena kulemba malonda, mpaka atapambana mayeso omwe aja a kunjuta ndi kudumpha pa mwendo umodzi, omwe safuna chipangizo chilichonse ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi angaphunzitsidwe kuwachititsa.

Wochira akabwerera amakwera boti lomwe lija, loyendetsedwa ndi anthu omwe aja, ndipo kachitidwe ka m'botimo nako kayenera kusintha. Lamulo la za maulendo a pamadzi la m'chaka cha 1995 limapatsa nthambi ya boma yoona za pamadzi mphamvu zolembetsa ndi kuyendera maboti, koma zomwe zimateteza mwendo wa munthu ndi zizolowezi zazing'ono za tsiku ndi tsiku: kuzimitsiratu injini, osati kungoichotsa mu giya, nthawi iliyonse munthu ali m'madzi pafupi ndi boti; kukhala ndi munthu wachiwiri m'boti yemwe ntchito yake n'kuyang'ana wokokedwa pa chingwe pomwe woyendetsa akuyang'ana kutsogolo; kuvala jekete loyandamitsa, lomwe limasunga munthu wokomoka kapena wothyoka pamwamba pa madzi; ndi kuika zizindikiro zoyandama zolekanitsa malo osambira ndi njira ya maboti, makamaka pa Khirisimasi ndi Pasaka pomwe gombe la Senga Bay limadzaza ndi anthu ochokera ku Lilongwe. Injini zambiri za makono, kuphatikizapo za Yamaha zomwe zafala m'madoko, zimabwera ndi kachingwe kofiira komwe woyendetsa amayenera kudzimangirira pa mwendo kapena pa mkono kuti akagwa m'madzi injini izime yokha, ndipo makomiti a pa gombe ndi oyang'anira mahotela angathe kumaletsa boti kunyamuka ngati woyendetsa sanakamange.