Dokotala akati muzidya makalori 800, kufunsa si mwano

Lilongwe akunenepa, ndipo sikelo za m'zipatala zikuchitira umboni. Munthu wa ntchito ya muofesi amadzuka ku Area 10, Area 43 kapena Area 47, kulowa m'galimoto, kukatandala pampando ku City Centre kapena ku Capital Hill, masana n'kudya tchipisi ndi nkhuku yokazinga, madzulo n'kubwerera m'galimoto momwemo. Ku Old Town nakonso eni mashopu ndi amayi a geni amaswera pamalo amodzi, chiwaya chili pafupi, mandasi ndi zakumwa za shuga zili pamphuno. Kafukufuku wa bungwe la MEIRU, amene adachitika ku Area 25 ndi ku Karonga n'kusindikizidwa mu 2018, adapeza kuti amayi 44 mwa 100 alionse a m'tauni, ndi abambo 18 mwa 100, adali olemera kupyola muyeso woyenera kutalika kwawo. Kumene kuli kunenepa kotere, matenda a shuga ndi BP sakhala patali. Choncho dokotala akauza munthu kuti achepetse thupi, sakulakwa. Koma pali langizo limodzi limene munthu sayenera kungolilandira ndi manja awiri n'kutuluka: loti azidya makalori 800 kapena ocheperapo pa tsiku kuti thupi litsike msanga. Kudzimana kotereku ndi mankhwala amphamvu, ndipo mankhwala amphamvu amakhala ndi mlingo, nthawi yake komanso wowayang'anira. Zitatuzi zikasowa, wodwala ayenera kufunsa asanayambe.

Nambala imeneyi imamveka bwino tikaiika m'mbale. Kalori ndi muyeso wa mphamvu imene chakudya chimapatsa thupi. Mayi amafuna makalori pafupifupi 2,000 pa tsiku, bambo pafupifupi 2,500. Ufa wa chimanga wolemera magalamu 100 uli ndi makalori pafupifupi 360, ndipo supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi 120. Ndiye kuti nsima ya ufa wa magalamu 200 ndi timafuta ta m'ndiwo zamaliza kale gawo la tsiku lonse, tiyi wa m'mawa asanawerengedwe. Munthu amene wangopatsidwa nambala yokha popanda ndondomeko ya zoti adye amachita zimene aliyense angachite: amadumpha kadzutsa, masana n'kudya nthochi, usiku mtanda umodzi wa nsima ndi mpiru. Makalori achepadi, koma zachepanso ndi zakudya zomanga thupi, mavitamini, ndi michere monga potassium imene imathandiza mtima kugunda mwadongosolo. Thupi likamanidwa zomanga thupi silidya mafuta okha. Limatembenukira ku minofu yake, ndipo mtima nawo ndi mnofu.

Amene amalimbikitsa njirayi ali ndi umboni wolemera, ndipo kuubisa kungakhale chinyengo. Mu December 2017 magazini ya zachipatala ya The Lancet idasindikiza zotsatira za kafukufuku wotchedwa DiRECT, wotsogoleredwa ndi Professor Roy Taylor wa ku Newcastle ndi Professor Mike Lean wa ku Glasgow. Anthu odwala shuga ya mtundu wachiwiri ankalandira makalori 825 mpaka 853 pa tsiku kwa miyezi itatu mpaka isanu. Chitatha chaka, 46 mwa 100 alionse shuga wawo adali atabwerera m'chimake osamwa mankhwala, pomwe pakati pa amene adalandira chithandizo cha masiku onse adali 4 okha. Patatha zaka ziwiri adatsala 36 mwa 100. Imeneyi ndi nkhani yaikulu. Koma anthuwa adachita kusankhidwa: adali asanathe zaka zoposa 6 ndi matendawa, ndipo sadali pa jakisoni wa insulin. Palibe adauzidwa kuti apite kwawo azikadya pang'ono basi. Adapatsidwa supu ndi zakumwa zokonzedwa mwapadera, zokhala ndi zomanga thupi, mavitamini ndi michere yokwanira. Mapiritsi a shuga ndi a BP adawasiyitsa poyamba pomwe, namwino kapena katswiri wa zakudya n'kumawayeza pafupipafupi. Kenako adawabwezera ku chakudya wamba pang'onopang'ono kwa masabata 2 mpaka 8, n'kupitiriza kuonana nawo mwezi ndi mwezi. Chimene chidathandiza anthuwa ndi dongosolo lonselo. Mogwirizana ndi zimenezi, bungwe la NICE, lopereka malangizo a zaumoyo ku England, lidanena mu 2014 kuti njira ya makalori 800 kapena ocheperapo isagwiritsidwe ntchito mwachisawawa, isapitirire masabata 12, ndipo ikhale ya anthu amene achipatala aona kuti akufunikadi kutsika msanga, monga amene akudikira opaleshoni ya bondo.

Mbiri ikuonetsa zimene zimachitika dongosololi likachotsedwa n'kutsala njala yokha. Mu 1976 ku America kudatuluka buku la Robert Linn lotchedwa The Last Chance Diet, limene lidakopa anthu ambirimbiri kusiya kudya n'kumangomwa zamadzimadzi zopangidwa kuchokera ku zikopa ndi mitsempha ya nyama. Akatswiri atafufuza imfa zimene zidatsatira, adapeza anthu 17 amene adalibe matenda ena oopsa koma adafa mwadzidzidzi mtima utasokonekera kagundidwe. Zakumwa za makono n'zokonzedwa bwino kuposa zimenezo, komabe kutsika thupi mothamanga kudakali ndi zolipira zake: timiyala ta m'ndulu, chizungulire, kudzimbidwa, kuthothoka tsitsi. Choopsa kwambiri chili pa mankhwala. Munthu amene amamwa mapiritsi a shuga a glibenclamide kapena kudzibaya insulin akasiya kudya koma mlingo wa mankhwala uli womwewo, shuga amatha kutsikiratu mpaka munthu kukomoka, kaya ali pachiwongolero mumsewu wa Kamuzu Procession kaya ali pa desiki. Womwa mapiritsi a BP okodzetsa monga HCT amatha kutaya madzi ndi michere yambiri n'kugwa pomwe wangoimirira. Ndipo njala ikatha thupi siliiwala. Mu 2016 Kevin Hall ndi anzake ku America adasindikiza zimene adapeza poyeza anthu 14 amene adaonda mothamanga pa mpikisano wa pa kanema wa The Biggest Loser. Patatha zaka 6 chithere mpikisanowo, ambiri adali atanenepanso, ndipo matupi awo, akakhala phee, ankagwiritsa ntchito makalori pafupifupi 500 pa tsiku ocheperapo kusiyana ndi anthu a thupi longa lawo. Langizo limene silinena za tsiku lobwerera ku nsima ndi langizo latheka.

Pamwamba pa zonsezi, wodwala wa ku Lilongwe si wodwala wa ku Glasgow. Kuyambira 2019 anthu ambiri omwa ma ARV m'dziko muno adasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, ndipo kafukufuku wa ADVANCE ku Johannesburg adaonetsa kuti ena, makamaka amayi, amanenepa akakhala pa mankhwalawa. Munthu wotere sayenera kusiya mapiritsi ake, ndipo nkhani yochepetsa thupi iyenera kufika kwa amene amamuona ku kiliniki, kaya ku Lighthouse pa chipatala cha Kamuzu Central kaya ku Martin Preuss Centre pa Bwaila. Palinso odwala shuga amene si onenepa konse. Mu April 2025 bungwe la International Diabetes Federation, pa msonkhano wake ku Bangkok, lidavomereza mtundu wachisanu wa matenda a shuga, umene umagwira anthu oonda amene adakula mopereŵera zakudya. M'dziko limene kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 adapeza ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu ali opinimbira, mfundo imeneyi si yakutali, ndipo kwa wodwala wotere njala ndi chiphe. Mayi woyembekezera, woyamwitsa, wachinyamata amene akukula, wodwala impso kapena mtima, wochepa magazi, onsewa njirayi si yawo. Komanso akatswiri a zakudya za odwala akadali ochepa m'dziko muno, pakuti maphunziro awo ku LUANAR adayamba m'zaka zaposachedwapa. Funso loti ndani aziyang'anira wodwala sabata ndi sabata n'lenileni, ngakhale kwa amene ali ndi inshulansi ya kuntchito ndipo amapita ku zipatala zolipira.

Ena adzati dokotala adakhala zaka zambiri pasukulu, nanga wodwala ndani kuti amutsutse? Ulemu umene timapereka kwa adokotala ndi woyenera, ndipo sukuyenera kuchepa. Koma kufunsa ndi kutsutsa n'zosiyana. Dokotala amadziwa thupi la munthu, pomwe wodwala ndiye akudziwa zimene zimaphikidwa kunyumba kwake, mapiritsi amene adalandira ku chipatala china, mtunda umene amayendetsa galimoto, ndi ndalama imene angakwanitse. Chithandizo chabwino chimabadwa nzeru ziwirizi zikakumana. Ntchito ya udokotala padziko lonse imaima pa lamulo loti wodwala avomere chithandizo atamva ubwino ndi kuopsa kwake komanso njira zina zimene zilipo. Chizolowezi chathu choyankha kuti "chabwino adokotala" tisanamve kanthu, kenako n'kukafunsa mlamu wathu panja, sichilemekeza dokotala. Chimamubisira zimene akadafuna kudziwa. Makolo adanena kale kuti safunsa adadya phula. Dokotala wodziwa ntchito yake amasangalala ndi funso, chifukwa wodwala womvetsa ndiye amatsatira malangizo mpaka kumapeto.

Chodandaulitsa chachiwiri n'cholemera kuposa choyamba. Tikaphunzitsa anthu kukayikira dokotala, kodi sitikuwaponya m'manja mwa ogulitsa tiyi woondetsa ndi makapisozi osadziwika bwino amene adzaza pa Facebook ndi WhatsApp? Mantha amenewa ali ndi maziko, pakuti malonda otere alipo ndipo ambiri ndi mankhwala otsegula m'mimba kapena okodzetsa amene amachotsa madzi, mafuta ali pompo. Koma chimene chimathamangitsira anthu kumeneko ndi funso losayankhidwa. Munthu amene wayesa kudzimana kwa masabata awiri, wachita chizungulire pamsonkhano, walephera, ndipo akuchita manyazi kubwerera kukanena kuti zakanika, ndiye amagwa m'manja mwa wamalonda amene amayankha foni usiku ndi usana. Funso lofunsidwa m'chipinda chopimira limasunga wodwala m'chipatala. Ngati yankho silinamukhutiritse, njira yoyenera ndi kukamva maganizo a dokotala wachiwiri wolembetsedwa ndi Medical Council of Malawi, atanyamula buku lake la kuchipatala ndi zotsatira za magazi, osati kukafunsa pagulu la WhatsApp.

Pali otinso kunenepa n'koopsa kotero kuti kuchedwa ndi mafunso n'kutaya nthawi, ndipo njira zapang'onopang'ono sizitulutsa kanthu. Umboni ukukana. Kafukufuku wa Diabetes Prevention Program ku America, wosindikizidwa mu 2002, adatenga anthu amene shuga wawo adali atayamba kukwera, n'kuwapatsa cholinga chochotsa makilogalamu 7 pa 100 alionse a thupi lawo ndi kuchita masewera olimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata. Chiopsezo chodwala shuga chidatsika ndi 58 peresenti, kuposa mmene mapiritsi a shuga a metformin adachitira. Kwa munthu wa makilogalamu 100, amenewo ndi makilogalamu 7 okha. Izi n'zotheka ndi zakudya za pamsika wa Lilongwe, potsata magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene achipatala amaphunzitsa kale ku sikelo ya ana: mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, mitanda iwiri pomwe padali inayi, nyemba, nandolo, usipa ndi matemba, nkhwani, bonongwe ndi chisoso zodzaza theka la mbale, mafuta oyeza ndi supuni, madzi m'malo mwa zakumwa za m'botolo. Njirayi ili ndi ubwino winanso m'mudzi mwathu muno, mmene munthu akaonda mwadzidzidzi anthu amayamba manong'onong'o ndipo apabanja amamuwonjezera nsima mwachifundo. Kusintha kumene banja lonse lingadye nawo m'mbale imodzi ndiko kumakhalitsa. Kwa ochepa amene akufunikadi kutsika msanga, njira ya makalori 800 ikhalepo, koma ibwere yathunthu.

Tsono inu amene mwauzidwa kudzimana motere, musanatuluke m'chipindamo funsani mwaulemu. Funsani chifukwa chimene njirayi ikuyenerera inuyo osati ina yofatsa. Funsani kuti mudzadya chiyani kwenikweni m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo kwa masabata angati. Funsani za mapiritsi anu onse, a shuga, a BP ndi ma ARV, kuti asinthidwa bwanji, ndipo musasiye kapena kuchepetsa lililonse panokha. Funsani magazi ati ayezedwe musanayambe, mubwerenso liti, ndani mungamuimbire mukachita chizungulire, komanso kuti mudzabwerera bwanji ku chakudya cha masiku onse. Nanunso adokotala a m'zipatala za boma ndi zolipira za mumzinda uno, ngati mulibe nthawi kapena katswiri wa zakudya woti ayende ndi wodwala ulendo wonsewu, musamupatse nambala yokha. Mupatseni njira imene angaitsate bwinobwino kunyumba kwake, kapena mutumizeni kwa amene angamuyang'anire.