Kodi Septrin wa ku UTH Anafika Kumudzi?

Pakati pa 2001 ndi 2003, pa cipatala cacikulu ca UTH mu Lusaka, malemu Professor Chifumbe Chintu ndi madokotala anzawo anacita kafukufuku pa ana oposa 500, a caka cimodzi kufikira zaka 14, amene anali ndi kacirombo ka HIV. Theka la anawo linkamwa Septrin tsiku ndi tsiku, mankhwala akale aja amene tonse tiwadziwa. Theka linalo linkalandira mankhwala ooneka cimodzimodzi koma opanda mphamvu. M'gulu loyamba munamwalira ana 74, m'laciwiri 112. Poona kusiyana kotere, anaimitsa kafukufukuyo nthawi isanakwane kuti ana onse alandire Septrin weniweni.

Mu 2004 zotsatira zake zinasindikizidwa m'magazini ya madokotala ya The Lancet, ndipo mabungwe a WHO ndi UNICEF analimbikitsa langizo lakuti ana okhala ndi kacirombo, ndiponso makanda obadwa kwa amai amene ali nako, azipatsidwa mankhwalawa. Anthu ophunzira amapima phindu la kafukufuku poona magazini imene wasindikizidwamo, unyinji wa akatswiri omutchula, ndiponso ngati malangizo asintha. Pa muyeso umenewu nchito ya ku Lusaka inapambana kwambiri.

Koma abale ndi alongo, mverani ciwerengero cina. Mu 2008, patapita zaka zinai, m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, makanda 8 okha pa 100 alionse obadwa kwa amai okhala ndi kacirombo ndiwo anayamba kumwa Septrin asanapitirire miyezi iwiri. Mankhwala a mtengo wocepa conco! Panjira yocokera ku labotale kufika pakamwa pa mwana pali maenje ambiri. Mai sanapimitse magazi, kapena anapimitsa koma aopa kuuza bambo wa kunyumba. Wina anabereka kumudzi, ndipo khadi la mwana la kusikelo silinena kanthu. Winanso wayenda mtunda ndi mwana kumbuyo, napeza mankhwala atha. Kwa ine, kaundula wa namwino wa pa kiliniki ndi mboni yoposa magazini ya ku London.

Ngakhale kaundulayo sathetsa mlandu wonse. Mu 2005 boma lathu linayamba kupereka ma ARV kwaulere, ndipo amai oyembekezera ambiri anayamba kulandira mankhwala oteteza mwana. Mwana amene anapulumuka zaka zimenezo kawirikawiri anamwa zonse ziwiri, Septrin ndi ma ARV, ndipo wowerengera imfa zopewedwa ayenera kugamula kuti moyo wa mwanayo aulembe pa dzina la mankhwala ati.