Mabuku a ku Scotland Satikhudza? Bwerani ku Thyolo

Akonzi,

Bambo amene analemba kuti kuphunzitsa mabuku a ku Scotland pa yunivesite n'kutaya nthawi, kodi anapondako kuno ku Thyolo? Mbewu ya tiyi inafika ku Blantyre Mission kuchokera ku Edinburgh. Esiteti ya Satemwa anaiyambitsa ndi Maclean Kay wa ku Scotland mu 1923. Ndiye ati sizikutikhudza?

Ophunzira ku Zomba awerenge Prester John, buku la John Buchan la mu 1910, aone mantha amene mlembiyo anali nawo pa mbusa wachikuda wotsogolera anthu kuukira azungu, kutatsala zaka zisanu kuti Chilembwe aukire azungu. Akatero alitsutse m'kalasi, mopanda chisoni. Kapena bambowo akufuna ana athu azingothyola tiyi osadziwa zimene azungu ankaganiza za agogo athu a thangata?

Wowerenga wanu,
Thyolo