Kanani nsima, koma ndiwo mubwere nazo

 Takolola, chimanga chalowa m'matumba, ndipo nyengo ya zinkhoswe, maukwati ndi kumanga ziliza yafika. Kuyambira pano mpaka mvula yoyamba, Loweruka lililonse magalimoto aziima pansi pa mitengo ya mango, ndipo mwa otsikamowo masiku ano mumakhala kagulu ka anthu osadya nsima. Amati ali pa keto. Ochokera ku Joni amati Banting. Nkhani imeneyi yayamba kudanitsa anthu pamkeka, nde ndati tiikambe poyera madyerero asanachuluke.

Ine ndine mlimi wa chimanga. Munthu akakankhira mbale ya nsima pambali, mumtima mwanga mumalasa ndithu, poti thukuta langa lili momwemo. Komabe maganizo anga ndi awa: wokana nsima tisamukakamize, ndipo iyenso asatimalizire ndiwo. Mbali zonse ziwiri zili ndi ngongole, ndipo ndiyamba ndi yathu ife eni mudzi.

Ambiri a ife timakwiya chifukwa sitidziwa kuti ketoyo n'chiyani. Thupi la munthu limayendera shuga amene limatenga mu zakudya zokhutitsa, monga nsima, mpunga, mbatata, chinangwa, buledi. Shuga wina limamusunga m'chiwindi, ngati kankhokwe kakang'ono. Munthu akasiya zakudya zimenezi, kankhokweko kamatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Pamenepo chiwindi chimayamba kuphwanya mafuta n'kupanga tinthu totchedwa ma ketone, ndipo ubongo ndi minofu zimayamba kuyendera timeneto. Kuti thupi lifike pamenepa zimatenga masiku 2 mpaka 4, ndipo kuti likhalebe pomwepo munthu sayenera kupyola magalamu 20 mpaka 50 a sitachi ndi shuga pa tsiku lonse. Tsono ufa wa chimanga, pa magalamu 100 aliwonse, oposa 70 ndi sitachi. Mtanda umodzi wa chipande chachikulu chija, malire a tsiku afika kale. Nthochi yakupsa imodzi ili ndi magalamu pafupifupi 25. Botolo limodzi la zakumwa zotsekemera, nalonso latenga gawo lalikulu la tsikulo.

Nde tikamati "aaa, kamtanda kamodzi kokha, kakupha?", sitinama, sikapha munthu. Koma kamamubweza poyambira. Zili ngati uvuni wa njerwa: ukazimitsa moto pakati pa ntchito, nkhuni zonse wasonkha zija zapita pachabe, uyambirenso.

Zimenezi sizinayambire pa Facebook ayi. Mu 1921 dokotala wina wa ku America, Russell Wilder wa pa Mayo Clinic, ndi amene anatchula kadyedwe kameneka dzina, ndipo kankagwiritsidwa ntchito pothandiza odwala khunyu, makamaka ana. Mpaka lero madokotala amakagwiritsabe ntchito pa khunyu lokanika mankhwala. Dzina la Banting ndi lakale kuposa apo. William Banting anali mkulu wina wa ku London, ntchito yake yokonza maliro, wonenepa kwambiri, ndipo mu 1863 analemba kabuku kofotokoza mmene anachepetsera thupi posiya buledi, shuga, mowa ndi mbatatesi. Ku South Africa dzinali linatchukanso pomwe Pulofesa Tim Noakes wa ku Cape Town ndi anzake anatulutsa buku lawo mu 2013. N'chifukwa chake ana athu a ku Joni amabwera nalo pakamwa.

Vuto ndi loti kuno kukana chakudya kumamveka mitundu iwiri yokha. Kaya ukunyada, kaya ukukayikira kuti akuthira mankhwala m'mbale. Palibe mayi amene angakondwe ndi chilichonse mwa ziwirizi. Munthu wakonola, waviika mphale masiku atatu, wapita kuchigayo, wayanika ufa pamphasa akuingitsa nkhuku tsiku lonse, kenako mlendo angoti "ine sindidya". Kupweteka kwake n'koona ndipo musakuderere.

Komatu ife tomwe timadziwa kale kulemekeza wosala chakudya. Kukabwera mlendo wa Chisilamu kapena wa Seventh Day, palibe amene amamukankhira nthuli ya nkhumba n'kumati angolawa. Timamuphikira pambali, nkhani yatha. Wina sadya mlamba, wina sadya mbewa, sitimuimba mlandu kwa amfumu. Nanga pa nsima pokha tivutirenji? Matenda a shuga ndi BP sali m'tauni mokha, alowa m'midzi muno, ndipo tonse tikudziwa mabanja amene akupita kuchipatala mwezi ndi mwezi. Mwina amene akukana nsimayo waopsezedwa ndi zimene anamuyeza, ndipo sakufuna kulengeza matenda ake pagulu. Funso loti "mukudwala chiyani kodi?" pamaso pa anthu makumi atatu si chikondi, n'kuvula munthu. Chinanso tisiye ndi manong'onong'o. Munthu akanenepa timati waoneka bwino, akachepa thupi timayamba kukodolana m'makona. Pali ena amabwerera ku zakudya zimene dokotala anawaletsa chifukwa choopa pakamwa pathu. Imeneyo ndi ngongole yathu.

Tsopano inu a keto, tcherani khutu, chifukwa yanu ndi yaikulupo. Kuno ndiwo ndi zoperekeza nsima. Nkhuku imodzi imakwanira banja lonse ndi alendo omwe chifukwa aliyense amatenga kanthuli ndi msuzi, n'kukhutira nsima. Inu mukachotsa nsima, mimba yanu iyenera kudzaza ndi ndiwo zokhazokha. Mukakhala pa mbale imodzi ndi anthu anayi, iwo akutema nsima inu mukungotola nyama, dziwani kuti mwadya gawo la anzanu onse, ndipo ana amene akudikira zotsala kuseri kwa khitchini anyambita mbale. Palibe adzakuuzeni, poti ndinu mlendo, koma mukachoka ikambidwa. Walira mvula walira matope: mwasankha kadyedwe kodula, mtengo wake musenze nokha.

Pamaliro ndi pamene pamafunika nzeru zambiri. Chakudya cha pamaliro ndi chosonkherana, ndipo nthawi zambiri ndi nsima, nyemba, kabichi, mwina kambuzi kamodzi koti adzukulu okumba manda alaweko. Nyembazo nazo zili ndi sitachi wambiri, sizikuthandizani. Nde idyani musananyamuke: mazira atatu, peyala limodzi, tiyi wopanda shuga. Mbale zikafika musathawire m'galimoto n'kutseka magalasi. Khalani pansi ndi anzanu, sambani m'manja, tengani kabichi pang'ono. Anthu amaona amene wakhala nawo, sawerenga mitanda. Ndipo pamaliro sipofunsira kuti akukazingireni mazira. Amayi agona panja usiku wonse, utsi uli m'maso. Ngati muli ndi ndalama ya zakudya zapadera, onjezerani pa chipepeso.

Pachinkhoswe ndi paukwati mpata ulipo, poti zimadziwika kale tsiku lake. Imbani foni kwa a komiti ya zakudya kudakali sabata, muwauze kuti mpunga, chipisi ndi keke ayi, nyama ndi masamba inde, ndipo muponyepo kangachepe kogulira. Thobwa likabwera, lilandireni ndi manja awiri, thokozani, mupatsire mwana amene ali pafupi. Kukana chikho chili m'manja mwa gogo n'kumene kumapweteka. Musadzinamize kuti thobwa ndi madzi chabe: ndi phala la chimanga ndi chimera, nthawi zambiri lothira shuga. Maheu chimodzimodzi. Masese ndi Chibuku nazonso ndi chimanga chomwecho chavala malaya ena. Madzi akumwa nyamulani anu okwanira, poti masiku oyamba a keto thupi limataya madzi ndi mchere wambiri, ndipo mutu umawawa.

Kwa apongozi ndiye musayerekeze kukadzidzimutsa anthu mbale zitafika kale. Uthenga utsogole kudzera mwa mwana wawo, masiku angapo musanafike. Pofika musabwere chimanjamanja. Thireyi ya mazira, botolo la mafuta ophikira, usipa, nkhuku, zokwanira nyumba yonse osati inu nokha. Kayankhulidwe nakonso n'kofunika. "Amayi, nsima ndayamba ndaisiya kaye chifukwa cha m'thupi, koma nkhwani wanu wotendera uja ndiye ndamusowa." Mawu otere palibe mayi angakwiye nawo, mawa lake mupeza mphika wadzaza. Koma mukayamba kulalikira kuti nsima ndi poizoni, mukuuza anthu amene nsima yomweyo inawalera, inalipira fizi yanu, n'kukufikitsani ku ofesi mukukhalako. Ulaliki umenewo usiyeni pa depoti.

Chimene ambiri a inu simudziwa n'choti mudzi uli ndi zakudya zanu kuposa sitolo za m'tauni. Chisoso, bonongwe, luni, mpiru, nkhwani, khwanya, thelele, zonsezi sitachi wake ndi wochepa. Kutendera ndi nsinjiro kumawonjezera mafuta amene mukufunawo, bola mtedzawo usachuluke mopyola. Mapeyala pa nyengo yake amagwa okha. Mazira a nkhuku zachikuda, matemba, usipa, mbewa nyengo ino yotentha tchire, ngumbi ndi bowa mvula ikagwa. Zoti musamale nazo ndi zimene timakonda kupatsa mlendo ponyamuka: mbatata, chinangwa, nzimbe, nthochi, mango. Zimenezo landirani, mukapatse ana kunyumba. Mphatso sakana.

Paulendo napo pamagwa anthu ambiri. Mukakwera basi ya pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, kuyambira pa Dedza, Lizulu, Tsangano, Ntcheu mpaka Zalewa, zimene zimafika pawindo zambiri ndi mandasi, zitumbuwa, chimanga chootcha, mabisiketi, chipisi ndi zakumwa zotsekemera. Njala ikakupezani mulibe kanthu m'chikwama, mugula zomwezo basi. Koma pawindo pomwepo pamabweranso mazira owiritsa ndi kamchere kake, ndi mtedza wokazinga. Pachiwaya mutha kugula kanyenya yekha n'kusiya chipisi, bola nyamayo ikhale yotentha, yochoka pamoto inu mukuona. A ku Joni ulendo wanu ndi wautali, kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, kuposa tsiku lathunthu muli pampando, ndipo kutentha kwa ku Tete mukukudziwa. Nyama yophika ndi mazira owiritsira kunyumba sizipirira kutentha kumeneko, zidyeni maola oyambirira. Za mtsogolo mudalire zosaonongeka msanga: mtedza, nsomba za m'chitini, mapeyala osapsetsa, ndi madzi ambiri.

Pali chenjezo limodzi limene ndikupempha kuti aliyense alimve, wa kumudzi ndi wa m'tauni yemwe. Ngati mumabaya jakisoni wa insulin kapena mumamwa mapiritsi otsitsa shuga monga glibenclamide, kusiya zokhutitsa mwadzidzidzi mankhwala ali omwewo kungagwetse shuga wanu pansi kwambiri. Munthu amayamba kunjenjemera, thukuta, kusokonezeka mutu, mpaka kukomoka, ndipo zikakuchitikirani m'basi kapena kumudzi kotalikira chipatala ndi zoopsa. Musayambe musanakambirane ndi a chipatala amene amakupatsani mankhwalawo, ndipo m'thumba muzikhala switi kapena shuga wa pangozi. Mukaona wodwala shuga akunjenjemera chonchi akadali maso, mpatseni chotsekemera msanga, za keto zikambidwa pambuyo. Omwa mankhwala a BP nawonso afunse kaye. Amayi oyembekezera, oyamwitsa, ndi odwala impso, iyi si njira yoyesera nokha. Ana ndiye ayi ndithu. Mwana adye magulu onse asanu ndi limodzi a zakudya monga amatiphunzitsira alangizi a zaumoyo, phala lake lam'mawa lisasowe chifukwa choti amalume abwera ndi nzeru zatsopano.

Wina afunsa kuti nanga inu alimi musiya liti nsima. Ine sindisiya. Munthu wogwira khasu kuyambira tambala woyamba mpaka dzuwa pamutu sangafanane ndi wokhala pampando tsiku lonse n'kukwera galimoto pobwerera. Kwa ife, zimene a chipatala amalangiza ndi zosavuta kumva: mgaiwa m'malo mwa woyera, mitanda yochepa, masamba ambiri, shuga wa mu tiyi achepe. Mgaiwa si keto, musanamizane, koma ndi wabwino kwa ambiri a ife. Ndipo inu a keto, ngati tsiku lina mwaona kuti mtima wa gogo ndi wofunika kuposa masiku atatu oyambiranso, n'kudya mtanda umodzi, dziko silitha. Chachikulu n'choti mwasankha nokha, osati mokakamizidwa ndi maso a anthu.

Nde Loweruka likubwerali tichite chonchi. Amayi ophika, tengani mphika umodzi wowonjezera muphikemo masamba ambiri, ndipo wokana nsima musamufunse kawiri. Inu a m'tauni, foni muimbe Lachitatu, ndipo m'galimoto musiye malo a thireyi ya mazira. Mtanda wanuwo musade nawo nkhawa, kuno sutayidwa. M'mawa ana aootcha mkute asanapite kukadyetsa mbuzi.