Bawuti ikathyokera mu injini, yambani mwakhala pansi

Loweruka lapitali alamu anga anandiimbira mawu akunjenjemera. "Alamu, ndapalamula kuno." Amasintha thermostat pa kagalimoto kawo ka taxi, foni ili pambali, akutsatira kanema wa pa YouTube. Bawuti imodzi inakana kumasuka. Iwo n'kutenga paipi, kuveka ku sipanala, n'kutsamira ndi thupi lonse. Thyo! Mutu wa bawuti pansi, chotsalacho chili phee mu injini.

Ndinawauza chinthu chimodzi: musakhudzenso mpaka ndifike. Bawuti yothyoka ndi vuto la tsiku limodzi. Chimene chimatha ndalama ndi zimene munthu amachita mtima uli m'mwamba.

N'chifukwa chiyani imakana chonchi? Bawuti ndi yachitsulo, pomwe hedi ya injini zambiri za masiku ano ndi ya aluminiyamu. Madzi akalowa pakati pa ziwirizi, pamachita dzimbiri lodzaza mazinga onse, n'kugwirana ngati simenti. Mukaonjeza paipi, dzimbirilo silisuntha, imagonja ndi bawuti.

Choyamba, pukutani malowo, thirani mafuta omasulira dzimbiri monga WD-40, gogodani pang'onopang'ono ndi hamala, kenako musiye. Ngati n'kotheka igone usiku wonse. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngati katsala kachidutswa kotulukira kunja, muli ndi mwayi. Kagwireni ndi vice grip, muzikagwedeza uku ndi uku, osati kukoka mbali imodzi. Kutenthetsa malo ozungulira kumathandizanso, poti aluminiyamu amafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo akatenthedwa. Koma moto usayandikire mapaipi a petulo, mawaya kapena mafuta mwathira aja.

Ikathyokera molingana ndi hedi, pitani kwa wowotcherera wodziwa ntchito. Amaika nati pamwamba pa chidutswacho n'kuwotcherera m'kati mwake. Kutentha kumasweratu dzimbiri, natiyo imakupatsani pogwira, ndipo zowotchererazo sizimamatira ku aluminiyamu. Asanayambe, chotsani waya wa batire, chifukwa magetsi a makina owotcherera angathe kupsereza kompyuta ya galimoto.

Kuboola kukhale komalizira. Dindani pakati penipeni ndi ponchi, yambani ndi kabiti kakang'ono, dzanja lili chilili. Aluminiyamu ndi wofewa, biti ikaterereka imadya hedi m'malo mwa bawuti. Kuli mabiti oboola mozungulira chakumanzere, omwe nthawi zina amatulutsa chidutswacho mukuboola momwemo. Koma chenjerani ndi kachitsulo kotchedwa extractor. N'kolimba kwambiri, moti kakathyokera m'katimo biti wamba singakaboole. Apo ndiye nkhani imafika pochotsa hedi yonse, kugula gasiketi yatsopano, galimoto ili pa miyala masabata.

Mazinga akaonongeka, musakakamizemo bawuti yaikulupo. Makaniko wabwino amadula mazinga ena kapena kuikamo Helicoil.

Ife tinathira mafuta Loweruka madzulo. Lamulungu masana wowotcherera anabwera ndi makina ake. Nati yoyamba inaduka, yachiwiri inagwira. Tinamva kaphokoso ka "kwee", chidutswa chija n'kuyamba kuzungulira. Alamu anaseka ngati mwana. Anataya ndalama za masiku awiri, koma Lolemba m'mawa anali pa siteji.

Pobwezera, tinaika bawuti yatsopano ya nambala yofanana ndi yakale. Manambala ngati 8.8 kapena 10.9 pamutu pa bawuti amanena kulimba kwake, si zokongoletsera ayi. Tinatsuka mazinga, kupaka girisi wa kopa pang'ono, n'kumanga mwa muyeso.

Tsono inu amene mwangogula kagalimoto koyamba ndipo mukufuna muzikonza nokha, pitirizani, n'zabwino. Kungoti makanema aja amadula maola odikira, n'kukuonetsani mphindi zisanu zokha. Bawuti ikakana kawiri, ikani sipanala pansi, mukatereke tiyi.